Batire Yachitatu

Chaka chachiwiri matipate atabwera, m'mwezi wa Okutobala, mnzanga wa paubwana anatumiza uthenga woti ndikamuone kunyumba kwake ku Ngala. Iye anali Msilamu, wamalonda a usipa ndi mpunga, ndipo nyumba yake inali imodzi mwa zochepa zamalata kumeneko. Tinakulira limodzi, tinaphunzira kupalasa bwato limodzi, koma kwa zaka khumi ndi zinayi tinkangopatsana moni wa panjira, aliyense akuyang'ana kumapazi kwake. Uthengawo utandipeza ndinasiya ntchito n'kukhala pansi.

Ndiyenera kunena chifukwa chake. Nthawi ya chipani chimodzi ndinali m'gulu la anyamata ofunsa makadi a chipanicho. Tinkaima pamsika, pachigayo ndi pa siteji ya basi, ndipo wopanda khadi sankadutsa. Ine sindinkadziwa kuwerenga, khadi ndinkalizindikira ndi mtundu wake basi. Tsiku lina m'mawa mkazi wa mnzangayu anafika pa siteji ali ndi mwana kumbuyo, thupi la mwanayo likutentha, akufuna kukwera basi yopita kuchipatala ku boma. Khadi lake linali litanyowapo n'kusuluka. Ndinati ndi la chaka chatha. Iye anati ayi, taonani chaka chalembedwa apo. Ndinachita manyazi kuvomera pagulu kuti zilembozo sindingazimve, choncho ndinaima pakhomo pa basi n'kutambasula mkono. Basi inapita. Ina inali ya mawa lake, koma mwanayo sanafike mawa. Pambuyo pake mnzathu wina wa m'gululo, amene anapitako kusukulu, anandiuza akuseka kuti khadilo linali labwinobwino.

Palibe amene anandizenga mlandu. Kumaliro ndinapita, ndinakhala kumapeto kwa anthu. Chaka chotsatira ndinachoka m'gululo, ndinapeza ntchito yosesa ndi kunyamula zitsulo pa galaja ina ku Dwangwa, ndipo ndinayamba sukulu ya akuluakulu ndili kale ndi ana anayi. Mmisiri wamkulu wa pagalajapo, bambo wina wopanda zala ziwiri kudzanja lamanja, ndi amene anandiphunzitsa za mabatire ndi mawaya. Pofika nthawi ya matipate ndinali ndi kachisakasa kanga ku Kanyenda kokonzera mawailesi, ndipo anthu ankanditcha afundi. Koma masiku amenewo anthu anali atayamba kulankhula zimene anasunga zaka zambiri. Tinkamva kuti uje wamenyedwa pamsika, uje wathawira kwa akuchikazi. Ine ndinkayenda mocheuka.

Ndinapita Lachitatu m'mawa. Mnzangayo ndinamupeza pakhonde akusoka thumba la usipa.

"Afundi, mwafika? Ndimayesa mubwera ndi okuperekezani."

"Ndabwera ndekha, achimwene."

"Nkhope imeneyo ndi ya munthu woitanidwa kubwalo. Khalani pansi, pano sitidya anthu."

Nkhani inali ya magetsi. Mwana wake wamkulu, amene ankagwira ntchito ku Joni, anali atatumiza katundu kudzera mwa dalaivala wina wa lole: sola imodzi yaikulu ngati chitseko cha kabati, mabatire awiri atsopano, mababu anayi, mpukutu wa waya ndi kalata. Lamulungu likudzalo kunali ukwati wa mwana wake wamkazi womaliza. Akuchimuna anali anthu a m'tauni ya Nkhotakota, ndipo mnzangayo sankafuna kuti akanene kwawo kuti akwatira kumdima. Anafuna magetsi m'nyumba ndi pakhonde, ndi kaseti yolira tsiku lonse.

Anandipatsa kalatayo. Iye ankawerenga bwino zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira ku madrasa, koma zathuzi ayi.

"Zilembo za mwana wangayu zimayenda chobwerera m'mbuyo," anatero. "Werengani inu amene munaphunzira ndi ndevu."

Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Mwanayo analemba momveka. Anati mabatirewo tiwalumikize mutu wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, osati mondondozana ngati a mu tochi, chifukwa tikatero mphamvu ichuluka kawiri ndipo mababu apsa. Anatinso kabokosi koletsa mabatire kudzaza mopitirira sanakapeze, kadzabwera ndi dalaivala wina, ndiye pakadali pano dzuwa likafika paliwombo tiziphimba solayo ndi chiguduli.

Ndili mkati mowerenga, mnzangayo analowa m'nyumba n'kutuluka akudzandira ndi chinthu cholemera. Inali batire yake yakale, yaikulu, yakuda, imene anagula kwa dalaivala wa lole. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi inkaliza wailesi yake, ndipo pakatha sabata ziwiri zilizonse ankaimangirira panjinga kupita nayo ku Dwangwa kukaitchaja. Zotsatira za chisankho anazimvera pa batire imeneyo, mudzi wonse uli pakhonde pake. Madzi akachepa mkati ankangothira a m'nyanja. M'mbali mwake inali itatupa, ndipo pamitu pake panali zoyera ngati chuku. Anaiika pafupi ndi zatsopano zija n'kuisisita ngati mbuzi yoweta.

"Iyi ikhala yachitatu. Iziwaphunzitsa ntchito anawa."

Nthawi yomweyo mkazi wake anatuluka ndi tiyi. Anagwada chapatali, anaika thireyi pansi, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" maso ali pa makapu. Ndinayankha, koma mawu anga sindinawamve. Nditabwerera pa kalata ndinapeza kuti kwatsala mzere umodzi. Unkati tisaphatikizepo batire ina iliyonse, makamaka yakale ija ya wailesi.

"Akuti chiyani pomaliza?" anafunsa mnzangayo.

"Akupereka moni kwa mayi ake."

Ndinapinda kalatayo n'kumubwezera.

Sindinganene kuti sindinkadziwa. Mmisiri uja anandiphunzitsa kuti mabatire olumikizidwa motere ali ngati migolo yolumikizidwa ndi paipi kumunsi: wodzaza umakhuthulira mwa wopanda kanthu mpaka madzi alingane. Ngati mgolo umodzi uli wobooka, inayo imangokhuthulira momwemo osaleka. M'batire kukhuthula kumeneko kumasanduka kutentha. Madzi a asidi amayamba kuwira, ndipo amatulutsa mpweya wosaoneka umene umayaka ndi kamoto kochepa ngati ka ndudu. Zala zake ziwiri zinapita motero, batire itamuphulikira m'manja. Zonsezi ndinkazidziwa ngati dzina langa.

Ndinayesa kamodzi, monong'ona.

"Kapena iyi tiisiye payokha, izingoliza wailesi?"

"Yakulakwirani chiyani? Poti yakalamba ngati ife ndiye tiitaye? Ikani, afundi."

Mkazi wake anali ataima pakhomo ndi thireyi. M'nyumba imeneyo, pamaso pa mayi ameneyo, mawu oti ayi sanathe kutuluka.

Malo mnzangayo anasankha yekha, chifukwa ankaopa akuba. Chinali chipinda chosungiramo katundu, chapakati pa nyumba, chopanda zenera, chokhala ndi loko. Munali matumba a mpunga, shuga wa ukwati, chigubu cha palafini ndi masutikesi a mkwatibwi. Khoma lake silinkafika kudenga, ndipo kuseri kwa khomalo kunali chipinda chimene mayiyo ankapumulamo masana.

Ndinayala matabwa pansi n'kundandalika mabatire atatuwo. Ndinapala mitu yake ndi mpeni mpaka inawala. Awiri atsopanowo ndinawamanga ndi mawaya ofanana kutalika, wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, ndipo sipanamveke kanthu, chifukwa anali odzaza mofanana. Fyuzi, kawaya kamene kamaduka mphamvu ikachuluka, ndinalibe. Kenako ndinatenga waya womaliza. Atangokhudza mutu wa batire yakale ija, moto unathetheka mwamphamvu mpaka ndinabweza dzanja.

Mnzangayo anawomba m'manja. "Mwaona? Ikadali ndi ukali!"

Ukaliwo sunali wake. Anali atsopano aja akuthamangira kudzaza dzenje. Ndinamanga nati.

Solayo tinaikhoma pamalata. Mababu ndinaika limodzi pabalaza, limodzi pakhonde, awiri m'zipinda zogona. M'chipinda cha mabatire simunatsale babu. Nditakanikiza swichi, nyumba inawala ngakhale kunja kunali dzuwa, ndipo amayi amene anabwera kudzapeta mpunga analuluta. Ndinakumbutsa mnzangayo za chiguduli.

"Dzuwa laulere tiziliphimba? Mwana uja Joni yamuzunguza mutu."

Anandipatsa mpunga m'kathumba ndi usipa wodzaza beseni. Ndinamangirira panjinga n'kubwerera ku Kanyenda.

Lachinayi ndinatsegula kachisakasa kanga koma sindinakonze wailesi ngakhale imodzi. Ndinkatuluka, ndinkayang'ana kumwamba cha ku Ngala, ndinkalowanso. Anthu ankawotcha zinyalala m'minda pokonzekera dzinja, choncho utsi unali ponseponse, ndipo uliwonse ndinkauyesa womwewo. Dzuwa likamakwera ndinkamva ngati likukwera m'chifuwa mwanga. Ndinkaona m'maganizo mayi uja atagona pamkeka kuseri kwa khoma, chigubu cha palafini chili mikono iwiri kuchokera pa batire. Ndinkaonanso china, ndipo sindibisa: nyumbayo ikadapsa, panalibe munthu kuyambira ku Bua mpaka ku Dwangwa amene akadakhulupirira kuti inali ngozi. Aliyense akadati munthu uja wamaliza zimene anayamba.

Mkazi wanga anaphika mpunga uja masana. Ndinangougwira ndi supuni.

"Kodi mpungawu munaba?" anafunsa.

"Anandipatsa."

"Nanga bwanji mukuuyang'ana ngati ukudziwani?"

Ndinamuuza zonse, ndi za mzere womaliza womwe. Anasiya kudya.

"Ndiye mwakhala pano kudikira chiyani?"

"Ndikapita ndiyenera kunena kuti ndinanama powerenga kalata."

"Munanamadi."

"Pali anthu ambiri kumeneko. Ukudziwa mmene anthu alili masiku ano."

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso mmene inu mulili. Mudzapitanso kukakhala kumapeto kwa anthu."

Mawu amenewo sanawanenepo chikwatirane. Ndinatuluka panja.

Lachisanu ndinakwera njinga. Ndinafika ku Ngala dzuwa lili pamutu, nthawi imene amuna onse a m'nyumbamo anali ku mzikiti. Pabwalo panali amayi okhaokha, ena akupeta, ena akusinja, ena akuwaza nkhuni. Ndinaima kuseri kwa mpanda pansi pa mtengo wa mango. Solayo inali kung'anima padenga, yosaphimba. Ndinadziuza kuti si ulemu mwamuna kulowa pakhomo la Chisilamu mwini wake kulibe, ndidikire abwere. Koma nditamva mawu a amuna akubwerera cha kumsewu, akucheza ndi kuseka, ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndinatembenuza njinga. Ndinapalasa mpaka kwathu osaima. Panjira ndinkapempha Mulungu kuti atumize mitambo, ngati kuti mitambo ikanachita zimene ine ndinalephera.

Loweruka kunacha kopanda ngakhale kamtambo. Mkazi wanga anavala nsalu yake yoyendera n'kuima pakhomo.

"Ngati simupita, ndipita ine. Koma ine sipanala sindiidziwa, ndikangonena."

Ndinatenga sipanala, pulayazi ndi ziguduli ziwiri.

Ndinafika cha m'ma thwelofu. Mchenga unali kutentha mpaka kupyola m'nsapato. Alendo anali atayamba kale kufika, mbuzi ziwiri zinali zitapachikidwa pa mtengo, ndipo kaseti inali kulira pakhonde. Kuseri kwa nyumba amayi anali atasonkha moto pamafuwa asanu, ena pafupi kwambiri ndi khomo lakumbuyo. Mnzangayo anali pakati pa alendo atavala mkanjo woyera.

"Afundi! Mwafulumira, mpunga ndi wa mawa."

"Ndimati ndione mabatire, achimwene."

"Akugwira ntchito, simukumva? Pitani mukawaone, kiyi ali ndi mayi."

Nditangolowa m'kanjira ka pakati pa zipinda fungo linandimenya, lofanana ndi mazira owola. Amayi awiri amene ankadutsa ndi mabeseni ankadandaula kuti mwafera khoswe, ndipo alendo aseka. Chitseko cha chipinda chija chinali chokhoma. Ndinaika khutu pa thabwa. Mkati munkamveka kaphokoso kosalekeza, ngati tinsomba tikukazingidwa kunyumba yoyandikana.

Nditatembenuka ndinaona mayi uja akubwera. Kudzanja lina anali ndi kiyi, kudzanja lina koloboyi woyaka. Ankafuna shuga, komanso ankafuna kupeza khosweyo, ndipo m'chipindamo munali mdima.

Sindinaganize. Ndinangopezeka nditaima pakhomo, mkono nditautambasula.

"Mayi, musalowe."

Anaima. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo anandiyang'ana kumaso.

"Mwati chiyani?"

"Zimitsani nyaliyo. Chonde, zimitsani."

"Tapatukani, bambo, anthu akudikira tiyi."

"Simulowa."

Anayang'ana mkono wanga, kuyambira paphewa mpaka kuzala zimene zinagwira mphuthu ya chitseko.

"Mwayambanso? M'nyumba mwanga momwe?"

Amayi aja anaika mabeseni pansi. Mmodzi anathamangira panja. Ine ndinafuna kutsitsa mkonowo, ndinafunitsitsa, chifukwa unkalemera kuposa batire. Koma iye anaponda phazi limodzi kutsogolo, ndipo lawi linafika pafupi ndi mpata wa pamwamba pa chitseko. Ndinalifumbata ndi dzanja langa lamanzere. Chikhatho chinapsa, nyali inazima, ndipo palafini anatayikira pa nsalu yake.

Mnzangayo anafika ndi amuna angapo kumbuyo kwake. Kanjirako kanadzaza.

"Iwe! Wagwira mkazi wanga?"

Sanandinenepo kuti iwe chichokere ku unyamata.

"Muli mpweya woyaka umo," ndinatero. "Batire yakale ija ikuwira. Moto uliwonse ukafika apa nyumba ipita."

"Si iwe unailumikiza?"

"Ndine. Kalata ija muli nayo? Itanani munthu wina awerenge mzere womaliza."

Inali m'thumba la mkanjo wake, chifukwa ankaionetsa alendo. Mmodzi wa akuchimuna, mphunzitsi wa m'tauni, anaitenga n'kuwerenga mzerewo mokweza, kenako anaubwerezanso. Kunja kaseti inali kulirabe.

"Unandinamiza."

"Ndinakunamizani."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinaopa kukukanizani kanthu."

Kumbuyo wina anati, "Si uja wa makadi ameneyu?" Wina anayankha kuti ndi yemweyo, ndipo mwina amafuna kuwotcha anthu pa ukwati. Ndinamva anthu akusuntha. Kuthawira kunalibe, kumbuyo kwanga kunali chitseko chija. Ndinaganiza kuti andikokere panja andimenyere komweko, bola asayatse machesi muno.

Amene analankhula anali mayiyo. Sanakweze mawu.

"Zimenezo mukamba bwino. Mwana wanga ali m'chipinda umo akulukidwa tsitsi. Bambo, tichite chiyani?"

Ndinanena zoti achite. Anthu onse atuluke apite cha kunyanja. Mafuwa a pafupi ndi khomo athiridwe madzi. Wa ndudu asayandikire. Kaseti izime, ndipo wina asakhudze swichi iliyonse. Amayi anadandaula za nyemba zimene zinali zitatsala pang'ono kupsa, koma anathira madziwo. Mkwatibwi anatuluka tsitsi lili theka, atafunda nsalu kumutu. Mnzangayo anaima kanthawi akundiyang'ana, kenako anatembenuka n'kuyamba kukankhira alendo ake panja.

Ndinakwera padenga ndi makwerero a nsungwi. Malata anandiwotcha mawondo kupyola buluku. Ndinaphimba sola ndi ziguduli, ndinamasula waya wake komweko kumwamba, kutali ndi mpweya uja. Nditatsika ndinapeza mayiyo ali yekha m'kanjira, kiyi ali m'manja.

"Mayi, ndipatseni kiyiyo mupite kwa anzanu."

"Loko uyu amavuta, amafuna mwini wake."

Anatsegula yekha. Ndinakankha chitseko pang'onopang'ono. Kutentha kunatuluka ngati m'uvuni wa njerwa, ndipo fungo linatilowa m'maso mpaka misozi. Ndinamuuza kuti sindingakhudze kanthu mpweyawo usanatuluke, pafunika kukupiza. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi malichero awiri. Limodzi anandipatsa, lina anagwira yekha.

"Mayi, chonde."

"Nyumbayi ndi yanga, bambo. Kupizani."

Tinatsegula zitseko zonse ziwiri za nyumba kuti kamphepo ka kunyanja kadutse, ndipo tinakupiza, iye mbali iyi ya khomo, ine mbali inayo. Sindidziwa kuti tinatenga nthawi yaitali bwanji. Mikono inachita dzanzi. Chikhatho changa chopsa chija chinatuluka matuza n'kuphulika pa lichero. Cha kunyanja kunkamveka anthu akung'ung'udza, ndipo m'chipindamo kaphokoso kaja kanali kadakalipo, chifukwa ngakhale sola inali itachotsedwa, mabatire awiri aja anali kukhuthulirabe mwa inzawo.

Fungo litachepa ndinalowa. Choyamba ndinatulutsa chigubu cha palafini. Maso atazolowera mdima ndinaona kuti asidi anali atatuluka pazivundikiro za batire yakale n'kuyenderera pansi, ndipo anali atadya ngodya ya thumba la mpunga. Mphira wa waya womaliza uja unali utafewa ngati phula. Ndinayandikiza dzanja pa batireyo koma sindinathe kuigwira.

Chotsala chinali chimene ndinkachiopa kwambiri. Waya ameneyo anayenera kuchoka, ndipo waya wodutsa mphamvu akamachoka amathetheka, palibe njira yozembera. Ndinapempha chiguduli chonyowa n'kufunditsa batire yakaleyo. Ndinasankha kumasula kumapeto a kutali, pa mutu wakuda wa batire yatsopano. Sipanala ndinaikulunga ndi nsanza kuti isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi. Inaterereka kawiri. Ndinauza mayiyo kuti abisale kuseri kwa khoma, ndipo ulendo uno anamvera, ngakhale ndinkaonabe nsonga ya lichero ikukupiza pakhomo.

Nati inamasuka. Ndinatembenuzira nkhope kukhoma, ndinatsinzina, ndinakoka.

Ndinamva kuti the, kamodzi. Ndinadikira. Palibe chinachitika. Ndinakhala chogwada pomwepo, waya ali m'manja, mpaka mawu anachokera pakhomo.

"Mwafa kodi?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye tulutsani chinthucho."

Ndinaimanga ndi chingwe cha bwato, ndipo ine ndi mphunzitsi uja tinainyamula pamtengo ngati nyama, mpaka pamchenga kutali ndi nyumba. Inapitiriza kulira pansi pa chiguduli kwa nthawi yaitali. Cha kumadzulo mbali yake imodzi inang'ambika yokha, madzi akuda n'kulowa mumchenga. Mnzangayo anapita kukaiona yekha, anaima pamenepo manja ali kumbuyo, kenako anabwerera kwa alendo ake.

Palibe amene anandimenya. Moto anasonkhanso, nyemba zinapsa mochedwa. Mabatire awiri aja anali ofunda ndipo anali atatha mphamvu. Ndinawasamutsira pangodya ya khonde, m'bokosi la matabwa limene ndinaboola m'mbali kuti mphepo izidutsa, ndipo loko uja tinamuika pamenepo. Ndinamasula fyuzi pa wailesi ina yakufa ya pamudzipo n'kuiika pa waya wa mababu. Pa ukwatiwo anayatsa mababu awiri okha, kaseti inalira ndi mabatire a mu tochi. Imodzi mwa atsopanowo sinabwererenso mwakale. Za ukwatiwo ndinazimva kwa ena, chifukwa Lamulungu sindinaitanidwe ndipo sindinapite.

Koma Loweruka lomwelo, ndikulongedza zida zanga, mayiyo anabwera pakhonde ndi mafuta ophikira m'kachivundikiro. Anaika pansi kuti ndipake pachikhatho. Kenako analoza bokosi lija.

"Awiri atsalawa, ndingagone nawo m'nyumba?"

"Mungathe, mayi."

"Musandiyankhe zondikondweretsa."

"Sindingalumbire mpaka kabokosi kaja katafika. Pafunika munthu aziwagwira masana alionse. Akafunda, sola iphimbidwe."

"Bambo a muno sangaphimbe, mukuwadziwa. Ine kudenga sindikwera. Muzibwera inuyo."

Ndinkapita. Tsiku lililonse dzuwa likayandikira paliwombo ndinkatseka kachisakasa n'kukwera njinga. Mayiyo ankatsegula loko, ine ndinkaika chikhatho pa batire iyi, kenako pa iyo, ndinkasuzumira madzi, ndipo pakafunika ndinkakwera ndi chiguduli. Ndinkanena kuti ali bwino, kapena kuti afunda pang'ono, iye n'kutseka. Ulendo uliwonse, ndikamayandikira mpanda wawo, ndinkayamba ndayang'ana kudenga ngati kukufuka utsi. Mnzangayo anatha sabata zitatu akundidutsa ngati mtengo. Tsiku lina anangoti, nkhope ili kwina, "Musaponde usipa wanga apo," ndipo kuyambira pamenepo tinkalankhulana za usipa ndi za mvula.

Dalaivala wa kabokosi uja anachedwa. Mvula inagwa, msewu wa kumudzi unasanduka matope, masiku ena njinga ndinkachita kuinyamula paphewa. Kabokosiko kanafika mpunga utayamba kubereka m'madambo. Ndinakalumikiza pakati pa sola ndi mabatire, ndipo kalata yobwera nako ndinaiwerenga mokweza pamaso pa onse awiri, mzere uliwonse mpaka pa dzina. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Ndinawafotokozera kuti tsopano mabatire akadzaza, kabokosiko kazitseka kokha.

Mayiyo anakayang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye mawa musavutike kubwera," anatero.

Analowa m'nyumba n'kunditengera madzi akumwa. Ndinamwa nditaimirira, ndinabweza kapu, ndinakankha njinga mpaka kumsewu.